Kalembedwe ka chikalata chofotokoza dera la kumapiri: malo, ulamuliro ndi chiwerengero cha anthu

Komiti ya chitukuko ikafuna mlatho, mjigo kapena chipatala chaching'ono, funso loyamba limene imakumana nalo ku khonsolo kapena kwa mabungwe ndi lakuti: dera lanulo ndi lotani, lili m'manja mwa yani, ndipo muli anthu angati? Yankho lake limakhala chikalata chimene m'maofesi amachitcha profile. Zikalata zambiri za madera a ku Viphya, ku Phoka, ku Khondowe ndi ku Misuku zimalembedwera mu Mzuzu muno, munthu ali pa mpando, akukopera manambala m'malipoti akale. Kumalo athyathyathya njira imeneyi imabisa zolakwa zake. Kumapiri zolakwazo zimaonekera poyera: mudzi umene pa mapu uli pafupi ndi chipatala umapezeka kuti uli kuseri kwa phompho, ndipo anthu amene analembedwa kuti ndi 900 amapezeka kuti ndi 600 kapena 1,300. Malangizo awa ndi a mlembi wa komiti ya chitukuko ya kwa gulupu (VDC) kapena ya kwa mfumu yaikulu (ADC), wophunzira wa pa Mzuzu University amene akuchita kafukufuku, komanso wogwira ntchito m'bungwe amene watumidwa kukalemba za dera lotere.

Yambani ndi kusankha malire

Musanalembe nambala iliyonse, nenani momveka kuti "dera" mukutanthauza chiyani. Mudzi umodzi womwewo umakhala m'malire anayi kapena asanu amene sagwirizana. Pali malire a ufumu: nyakwawa, gulupu, kenako mfumu yaikulu, T/A. Pali malire a chisankho: wodi ya khansala ndi dera la phungu. Pali malire a zaulimi, dera lotchedwa EPA ndi zigawo zake za alangizi. Pali dera limene chipatala chimatumikira, ndiponso zoni ya sukulu imene mlangizi wa maphunziro, PEA, amayang'anira. Aliyense mwa awa ali ndi chiwerengero chake cha anthu, ndipo chilichonse chikhoza kukhala cholondola pa malire akeake. Vuto limabwera mukatenga anthu a m'dera la chipatala n'kuwagawa ndi mijigo ya m'dera la gulupu. Yankho lake limaoneka laukatswiri koma silitanthauza kanthu.

Pa ntchito ya chitukuko cha kumudzi, tsatirani malire a gulupu kapena a T/A, chifukwa VDC ndi ADC zimayendera malire amenewa, ndipo ofesi ya kalembera, NSO, imatulutsa ziwerengero zake potsata ma T/A. Malire a wodi muwalembe ngati chidziwitso chowonjezera. Kumbukirani kuti malire a chisankho anasintha chisankho cha 2025 chisanachitike, madera a aphungu atachoka pa 193 kufika pa 229, choncho lipoti lililonse lakale lotchula wodi liyenera kufufuzidwanso.

Madera a m'mphepete mwa Mzuzu amafuna chidwi chapadera. Mzindawu uli ndi khonsolo yakeyake, koma mukangodutsa malire ake mwalowa m'khonsolo ya M'mbelwa kapena ya Nkhata Bay. Mudzi wa kwa T/A Mtwalo umene anthu ake amagula ndi kugulitsa mu msika wa Mzuzu tsiku ndi tsiku, nkhani zake za chitukuko zimakathera ku Mzimba boma, mtunda wopitirira makilomita 100. Lembani khonsolo yoyenera pa tsamba loyamba. Pempho lopita ku khonsolo yolakwika silibwezedwa n'komwe, limangokhala mu fayilo.

Chilolezo ndi nthawi yopitira

Tengani kalata kwa bwanamkubwa kapena kwa mkulu woona za mapulani ku khonsolo, mukaonekere kwa T/A, iye akutumizeni kwa magulupu. Mukadumpha sitepe imodzi ntchito idzaima pakati. Dziwaninso matchulidwe a kumaloko: ku Rumphi mfumu yaikulu ndi themba, ndipo Chikulamayembe ndi Themba la Mathemba, ku Mzimba mudzamva inkosi ndi inkosana pansi pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Chichewa chimamveka pafupifupi paliponse, koma agogo amene amadziwa kumene kasupe wakale anali adzakufotokozerani bwino m'Chitumbuka, m'Chitonga, kapena ku Misuku m'Chisukwa ndi m'Chindali. Pagulu panu pakhale munthu wa chiyankhulocho amene si wa banja lachifumu.

Miyezi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala. Kuno mvula imachedwa kusiya, Epulo amakhala wa mvula yambiri, ndipo mu Juni ndi Julaye mapiri amakutidwa ndi nkhungu ndi mvula yowaza moti simungaone chitunda cha patsidya. Komabe konzani ulendo umodzi waufupi mu Febuluwale kapena Malichi. Msewu umene munadutsa bwinobwino pa njinga yamoto mu Seputembala ndi pamene mudzaudziwe khalidwe lake lenileni.

Malo: mapu, mtunda ndi kutsetsereka

Pezani mapu a boma a sikelo ya 1:50,000 ochokera ku ofesi yojambula mapu, Department of Surveys. Pa mapu amenewa masentimita 2 ndi kilomita imodzi, ndipo bokosi lililonse la mizere yopingasana ndi sikweya kilomita imodzi, kapena kuti mahekitala 100. Kuti mupeze kukula kwa dera, werengani mabokosi athunthu, kenako mabokosi odulidwa ndi malire muwawerenge ngati theka lililonse. Nzokwanira pa chikalata chotere.

Pali misampha iwiri pa mapu amenewa. Woyamba ndi wakuti mapepala ena akale amalemba kutalika kwa mapiri m'mafiti. Onani m'mphepete mwa pepala musanakopere. Ngati ndi mafiti chulukitsani ndi 0.3048, kotero kuti 4,000 amakhala mamita 1,219. Kuti muone ngati nambala yanu ndi yanzeru, yerekezani ndi malo odziwika: nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, Mzuzu ali pa 1,250 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo nsonga ya Nganda pa Nyika ili pa 2,600 ndi pang'ono. Mudzi wa ku Viphya ukalembedwa kuti uli pa mamita 5,000, mwakopera mafiti. Msampha wachiwiri ndi GPS ya pa foni. Mapu akalewa anajambulidwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950, pamene foni imagwiritsa ntchito WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita mazana angapo. Kuchigwa kusiyana kumeneku sikupweteka. Kumapiri kumasamutsa kasupe kuchoka mbali ino ya khwawa kupita kwa mfumu ina. Lembani muyeso umene mwagwiritsa ntchito pamwamba pa mndandanda wa malo, ndipo mukamatenga malo m'khwawa kapena pansi pa mitengo ya paini dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti nambala ikhazikike.

Mtunda ndiwo umanamiza anthu kwambiri. M'mapulani a zaumoyo mumatchulidwa kawirikawiri muyeso wa makilomita 8 kuchokera ku chipatala, ndipo wina akajambula bwalo la makilomita 8 pa mapu midzi yonse ya m'katimo imawerengedwa kuti ili ndi chipatala pafupi. Taonani za Livingstonia. Kuchokera pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja kukafika pa Khondowe, pamene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, msewu wa Gorodi ndi wa makilomita pafupifupi 15, uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo umakwera mamita ngati 900. Pa mapu malo awiriwa amaoneka oyandikana. Kawerengedwe kodalirika ka nthawi ya munthu woyenda pansi n'kakuti ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuphatikizapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Pa Gorodi ndiye kuti maola 3 kuphatikiza ola ndi theka, maola anayi ndi theka kwa munthu wamphamvu wosanyamula kanthu. Mayi wodwala matenda a kubereka amene wanyamulidwa pa machira satha kuyenda motero.

Choncho pa mudzi uliwonse lembani nthawi, osangoti makilomita: mphindi zingati kupita ku sukulu, ku chipatala, ku chigayo, ku msika ndi pamene galimoto imafika, popita ndi pobwera padera, chifukwa kukwera ndi kutsika n'zosiyana, chilimwe ndi dzinja padera. Musafunse anyamata okha. Yendani njirayo ndi wotchi kamodzi, ndipo funsani amayi amene amapita ku sikelo ndi mwana kumbuyo. Lembaninso mtengo wa kabaza wa njinga yamoto ndi mwezi umene mwafunsira, popeza mtengowo umauza wowerenga za msewu kuposa mawu akuti "msewu ndi woipa".

Kutsetsereka kwa minda muyeze ndi chingwe cha mamita 10, ndodo yolembedwa masentimita, ndi kalevulo kakang'ono kopachika pa chingwe, komwe alangizi amagwiritsa ntchito poika akalozera. Mmodzi agwire chingwe pansi penipeni kumtunda, wina akhale kumunsi ndi ndodo, akweze chingwe mpaka kathovu ka mu levulo kafike pakati. Pamene chingwe chakhudza ndodo ndi pamene pali yankho: masentimita 50 ndi 5 peresenti, mita imodzi ndi 10 peresenti, mamita awiri ndi 20 peresenti. Pamalo otsetsereka kwambiri chingwe chidzapitirira mutu wa munthu. Pindani chikhale cha mamita 5, yankho mulichulukitse kawiri. Chingwe chikhale chokoka zolimba ndipo levulo ikhale pakati, apo ayi mudzapeza nambala yolakwika. Yezani malo asanu kapena asanu ndi limodzi m'minda ya mudzi uliwonse, osati pabwalo la mfumu pokha, pakuti mabwalo amamangidwa pamalo osalala.

Madzi akumapiri ndi akasupe ndi mitsinje, ndipo m'madera ambiri mipopi yoyenda yokha kuchokera kumtunda ndiyo imathandiza kusiyana ndi mijigo, chifukwa galimoto yokumba siifika ndipo pansi pali thanthwe. Mphamvu ya kasupe muiyeze mu Okutobala, madzi atachepetsetsa. Tsekerani madzi onse kuti adutse pa paipi imodzi kapena pa khungwa la nthochi, tcherani ndowa ya malita 20, muwerenge masekondi, katatu, mutenge nambala yapakati. Ndowa ikadzadza pa masekondi 40 ndiye kuti theka la lita pa sekondi, malita 43,200 pa tsiku. Mukawerengera munthu aliyense malita 30, kasupeyo angathandize anthu 1,440, ngati pali thanki yosunga madzi a usiku. Muyeso wa mu Epulo ukhoza kukhala wochuluka kangapo, ndipo mipopi yambiri youma imene mumaiona m'midzi inamangidwa pa manambala a nyengo ya mvula. Lembaninso kuti kasupeyo ali pamwamba kapena pansi pa nyumba za anthu, ndi mamita angati. Madzi sakwera phiri okha.

Pomaliza pa za malo, jambulani mapu a pansi pamodzi ndi anthu, ndi makala, miyala ndi masamba, amayi paokha ndi abambo paokha, kenako muwajambule pa foni. Afunseni aonetse pamene nthaka inagumukapo, mitsinje imene ana sawoloka mvula ikagwa, manda, nkhalango ya mudzi, ndi malire a nkhalango ya boma kapena paki. Malire a mafumu amene pali mkangano muwajambule ndi timadontho ndipo mulembe kuti sanagwirizane. Mzere wokhuthala wa pa chikalata chanu tsiku lina udzatulutsidwa pa bwalo la milandu ngati umboni.

Ulamuliro: amene ali pa pepala ndi amene amamvedwa

Gawo ili ambiri amalidzaza ndi mayina okhaokha. Chofunika n'kuonetsa njira imene pempho limayenda. Malinga ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, zofuna za midzi zimasonkhanitsidwa ndi VDC pa gulupu n'kulembedwa mu pulani ya mudzi, VAP. Zimapita ku ADC pa T/A, imene imalangizidwa ndi AEC, komiti ya alangizi a boma ndi a mabungwe ogwira ntchito m'deralo. Kuchoka apo zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse imene khonsolo imavomereza. Mu khonsolo makhansala ndi aphungu amavota. Ma T/A amakhalamo koma savota. Gulupu ndi T/A ndi alangizi a makomiti awo, sayenera kukhala apampando.

Pa komiti iliyonse lembani zinthu zinayi: inasankhidwa liti, ili ndi amayi angati ndi abambo angati, inakumana komaliza liti, ndipo buku la mfundo za misonkhano lili ndi yani. Pemphani kuliona bukulo. Komiti imene tsamba lake lomaliza linalembedwa zaka ziwiri zapitazo ilipo pa dzina lokha, ndipo chikalata chanu chinene zimenezo mwaulemu. Kumapiri chifukwa chake nthawi zambiri si ulesi. Membala wa mudzi wa kuseri kwa phiri amayenda maola atatu kudzapeza kuti msonkhano walephereka, ndipo ulendo wachitatu sabweranso. Pang'onopang'ono komiti imatsala ya anthu a pafupi ndi msewu, ndipo chitukuko chimatsata kumene iwo amakhala. Ikani pa mapu nyumba ya membala aliyense wa VDC. Chithunzicho chimayankhula chokha.

Pa za mafumu, siyanitsani amene boma linawavomereza ndipo amalandira mswahala ndi amene anakwezedwa kumudzi koma sali m'kaundula wa khonsolo. Onse muwalembe, m'mizere iwiri. Midzi yakhala ikugawikana kwambiri, makamaka chiyambire makuponi a fetereza mu 2005, chifukwa mudzi ukakhala paokha umakhala ndi mndandanda wake. Mukayerekeza chiwerengero cha midzi cha lero ndi cha zaka 20 zapitazo mudzaganiza kuti anthu achuluka katatu, pamene ndi mabanja omwewo ogawidwa m'mayina ambiri. Mu mzinda nkhani ndi ina: lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu mphamvu m'kati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo, n'chifukwa chake m'malokeshoni a Mzuzu mumamva za atsogoleri a zigawo otchedwa ma block leader.

Musaiwale makomiti ena amene ali ndi mphamvu pa nthaka ndi pa ngozi: ya zachilengedwe, ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya madzi, ya sukulu, ndi komiti ya malo imene lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa pa gulupu, ngati inasankhidwa kale m'deralo. Kumene kuli khofi, monga ku Phoka ndi ku Misuku, makopaletivu a pansi pa Mzuzu Coffee amasonkhanitsa anthu mokhulupirika kuposa makomiti ena, ndipo mipingo, makamaka CCAP ya sinodi ya Livingstonia ndi Katolika, ili ndi sukulu ndi zipatala zimene boma limadalira. Lembaninso maofesi amene deralo limayang'anako. Ku Mzimba zaumoyo ndi zamaphunziro zinagawidwa kumpoto ndi kumwera, ndipo pa zaulimi Rumphi, Mzimba ndi Nkhata Bay zili pansi pa ofesi yaikulu ya zaulimi ya Mzuzu ADD pamene Chitipa ili pansi pa Karonga ADD.

Chiwerengero cha anthu

Maziko ndi kalembera wa boma. Wa mu Seputembala 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'dziko lonse, 221,272 mu mzinda wa Mzuzu, 229,161 m'boma la Rumphi ndi 940,184 m'boma la Mzimba. Banja limodzi linali ndi anthu 4.4 pa dziko lonse, koma kumpoto kuno mabanja ndi okulirapo, pafupifupi anthu 5. Pezani nambala ya T/A wanu mu lipoti la boma lanulo. Ngati mukufuna dera locheperapo, pemphani ku NSO ziwerengero za tizigawo ta kalembera, timene timakhala ndi mabanja mazana awiri kapena atatu, koma dziwani kuti malire ake amatsata misewu ndi mitsinje, satsata midzi.

Nambala ya 2018 yakalamba, iyenera kukwezedwa. Pakati pa 2008 ndi 2018 anthu ankachuluka ndi 2.9 peresenti pa chaka m'dziko lonse. Chulukitsani ndi 1.029 kamodzi pa chaka chilichonse: dera la anthu 10,000 mu 2018 likhala ndi pafupifupi 12,200 pofika 2025. Cholakwa chofala ndi kugwiritsa ntchito 2.9 paliponse. Nambala imeneyi ikuphatikiza mizinda imene imakoka anthu, ndipo ena mwa anthu odzadza m'malokeshoni a Mzuzu a Mchengautuwa, Zolozolo ndi Masasa anachokera m'midzi ya kumapiri yomweyi. Njira yabwino n'kutenga nambala ya T/A wanu ya 2008 ndi ya 2018, kuona mmene inakulira, n'kupitiriza ndi liwiro lomwelo, mutatsimikiza kuti T/A-yo sanagawidwe pakatipo. Ngati anagawidwa, phatikizani zigawo zonse musanayerekeze, apo ayi mudzalemba kuti anthu anachepa ndi theka.

Kuchulukana kwa anthu pa sikweya kilomita nakonso kumasocheretsa. Mu 2018 dziko lonse linali ndi anthu 186 pa sikweya kilomita, chigawo cha kumpoto 84, ndipo Rumphi pafupifupi 50. Wowerenga wa ku Lilongwe akaona 50 amaganiza kuti malo ndi ambirimbiri. Koma gawo lalikulu la boma la Rumphi ndi paki ya Nyika, imene inakhazikitsidwa mu 1965 ndi kukulitsidwa mu 1978 anthu ena atasamutsidwa, komanso malo osungira nyama a Vwaza. Anthu anapanikizana m'chigwa cha Henga, ku Nkhamanga ndi m'mphepete mwa nyanja. Chimodzimodzi midzi yozungulira nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000. Perekani manambala awiri: anthu pa dera lonse, ndi anthu pa malo amene angakhalidwe ndi kulimidwa mutachotsa paki, nkhalango ya boma, maesiteti ndi maphompho. Yachiwiriyo ndiyo imafotokoza chifukwa chake anthu akulima m'malo otsetsereka.

Tsopano yerekezani ndi zolembedwa za kumudzi. Pali kaundula wa mfumu, kaundula wa mlangizi wa zaumoyo, HSA, ndi mndandanda wa mabanja a alimi wa mlangizi wa zaulimi. Aliyense amapendekera mbali yake. Wa mfumu amasunga ana a mudzi amene ali ku Joni, ku Tanzania kapena mu Mzuzu, chifukwa kwawo ndi komweko ndipo adzaikidwa komweko. Amachedwanso kufufuta omwalira. Wa zaulimi amachulukitsa mabanja, popeza mnyamata aliyense wokhala ndi kamunda amafuna dzina lake lilowe. Wa zaumoyo ndiye amayandikira zoona, koma HSA amayenera kutumikira anthu 1,000 ndipo kumapiri amakhala ndi ochuluka, omwazikana, choncho nyumba za kutali zimatsalira. Ikani manambala atatuwa pambali pa nambala ya kalembera yokwezedwa ija. Akasiyana ndi zosapitirira 10 peresenti, tengani wa zaumoyo ndipo munene kuti mwatero. Akasiyana kwambiri, palibe kuchitira mwina, muwerenge nokha.

Kuwerenga khomo ndi khomo kumafuna tanthauzo limodzi la banja limene onse owerenga agwirizana: anthu okhala pamodzi ndi kudya za mu mphika umodzi. Kumpoto kuno, kumene mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana aamuna amamanga mozungulira bambo awo, bwalo limodzi likhoza kukhala ndi nyumba zisanu ndi mabanja atatu, kapena nyumba zitatu ndi banja limodzi. Funsani kuti "kuno mumaphika pangati?" Pa mitala, mkazi aliyense wophika payekha ndi banja, ndipo bambo alembedwe kamodzi kokha, kumene anagona usiku wathawo. Akalembedwa kawiri, abambo adzachuluka pa pepala kuposa amene alipo.

Fomu ikhale yaifupi: nambala ya nyumba, mutu wa banja ndi mwamuna kapena mkazi, amuna angati, akazi angati, ana osakwana zaka 5, ana a zaka 6 mpaka 13 ndi angati mwa iwo ali pa sukulu, amayi a zaka 15 mpaka 49, okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo, olumala, ndi mzere wapadera wa amene akhala kunja kwa mudzi miyezi yoposa 6. Manambala a zitupa za unzika musatenge. Simukuwafuna, ndipo akangowaona anthu amadziwa kuti kukubwera thandizo. Nenani pa msonkhano woyamba, mfumu ili pomwepo, kuti kalemberayu alibe makuponi, ufa kapena ndalama. Mukapanda kunena, pofika tsiku lachiwiri agogo okhala ndi adzukulu adzakhala atasanduka mabanja atatu.

Lembani nambala ndi choko pa chitseko cha nyumba iliyonse yowerengedwa. Gawani owerenga potsata zitunda ndi makhwawa, awiriawiri, mmodzi wa m'mudzimo wodziwa tinjira ndi wina wochokera mudzi wina wogwira cholembera. Yambani ndi nyumba za kutali kwambiri m'mawa, muzibwerera cha ku msewu, chifukwa zosiyidwira madzulo ndizo zimalembedwa mongoganizira. Tsiku loyamba likhale loyesera: onani nyumba zimene gulu limodzi lakwanitsa, mugawe nyumba zonse ndi nambala imeneyo kuti mudziwe masiku ofunika, muwonjezepo awiri a maliro ndi mvula. Pewani tsiku la msika. Mukamaliza, wina abwerere ku nyumba imodzi mwa khumi zilizonse kukafunsanso; zikasiyana pa nyumba zambiri, gulu limenelo libwereze chitunda chonse.

Pali anthu amene amabwera ndi kupita, ndipo ayenera mzere wawo. Matenanti a fodya ku Henga, ku Bolero ndi ku Mzimba, ambiri ochokera m'maboma a pakati ndi kumwera, amakhalapo nyengo yolima n'kuchoka fodya akagulitsidwa. Ocheka matabwa ku Chikangawa amakhala m'misasa. Ogwira ntchito m'migodi ya malasha monga ku Mchenga, ndi ophunzira ogonera pa sukulu ngati ku Livingstonia, nawonso sali m'kaundula wa mfumu. Onsewa amamwa madzi a pa mpopi womwewo ndipo amadwalira pa chipatala chomwecho. Lembani kuti ndi angati komanso miyezi imene amakhalapo.

Kusanja chikalata

Masamba 8 mpaka 12 ndi okwanira. Tsamba loyamba likhale ndi dzina la dera, T/A, wodi, dera la phungu, khonsolo, mwezi ndi chaka, kenako mapu. Nambala iliyonse iyende ndi zinthu zitatu: yachokera kuti, ndi ya chaka chiti, ndipo ndi ya malire ati. "Anthu 4,310, kaundula wa HSA, Seputembala 2025, dera la gulupu" ndi nambala imene wina angaitsutse kapena kuitsimikiza. "Anthu pafupifupi 5,000" ndi mphekesera. Nambala yowerengedwa ndi nambala yokwezedwa ndi masamu zisakhale mu mzere umodzi popanda chizindikiro.

Powerengera zosowa, gwiritsani ntchito miyeso ya boma koma muiike pa mudzi uliwonse paokha. Muyeso wa mjigo ndi anthu 250, pa mtunda wosapitirira mamita 500. Dera la anthu 2,500 lokhala ndi mijigo 10 limaoneka lokwanira, mpaka mutaona kuti 7 ili m'mbali mwa msewu, 2 inafa, ndipo midzi itatu ya pamwamba ilibe ndi umodzi womwe. Tebulo la mudzi ndi mudzi, lokhala ndi anthu, madzi ogwira ntchito, ndi mphindi zoyenda, limaonetsa zimenezi pa tsamba limodzi.

Musanapereke ku khonsolo, bwererani kukawerenga chikalatacho pa msonkhano wa VDC kapena ADC m'chiyankhulo cha kumaloko, mudzi ndi mudzi, manambala onse mokweza. Mayina a mitsinje ndi midzi muwalembe mmene eni ake amatchulira, ndipo ngati pa mapu a boma analembedwa mosiyana ikani onse awiri, kuti woyendetsa galimoto ya zipangizo asakatsitse simenti pa mudzi wa dzina lofanana kutsidya kwa mtsinje wa South Rukuru. Zokonza zilembedwe pomwepo, wapampando ndi mfumu asayine, ndipo makope akhale anayi: la VDC, la ADC, la khonsolo ndi la HSA, amene adzawonjezeramo obadwa ndi kuchotsamo omwalira kufikira mudzawerengenso.